Chinsomba Chachikulu Chimene Chimadya Chakudya cha Usipa

Mukafika pamsika wa Mponela dzuwa litapendeka, fungo la usipa limakulandirani musanafike n'komwe pamabenchi a nsomba. Amayi ofuna ndiwo zamadzulo amaima pamenepo, kuyang'ana milu, kufunsa mtengo, kenako n'kudandaula kuti mulu wachepa. Wogulitsa naye sasowa chonena: “Kunyanja kuli mwera, amayi, asodzi sakulowa m'madzi.” Akatero amaponyapo kabanyira, malonda n'kutheka. Usiku womwewo, m'makomo ambiri kuyambira pa Mponela mpaka kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, nsima imatsikira usipa wothira tomato kapena wotendera.

Usipa tonse timaudziwa ukakhala m'mbale. Koma kodi munayamba mwadzifunsapo kuti usipawo umadya chiyani? Funsoli likuoneka lachibwana, koma yankho lake litifikitsa kutali, kugombe la Mozambique. Kumeneko kuli nsomba yaikulu moti singakwane m'ngolo, koma imakhalira chakudya cha mtundu womwewo umene usipa umadya. Dzina lake ndi manta. Zimene zaichitikira nsombayi m'zaka 20 zapitazi zikutikhudza ifenso amene timadalira Nyanja ya Malawi, ngakhale tikukhala kumtunda kuno.

Bulangete louluka m'madzi

Manta imakhala m'nyanja zamchere zokha, choncho musaiyembekezere ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota. Dzina lakeli linachokera ku Chisipanishi ndipo limatanthauza bulangete kapena chofunda. Mutaiona simungafunse chifukwa chake. Thupi lake ndi lophwatalala, lakuda pamsana koma loyera kumimba, ndipo zipsepse zake ziwiri n'zotambasuka ngati mapiko. Posambira imakupiza mapikowo pang'onopang'ono, moti amene anaionapo amati imachita ngati ikuuluka.

Nsombazi zilipo za mitundu ingapo. Pali manta ya pakati pa nyanja, imene imatha kutambasuka mamita 7. Koma imene tikukambirana pano ndi yocheperapo, yokonda kukhala kufupi ndi gombe, m'matanthwe a korali a m'nyanja zofunda za Indian Ocean ndi Pacific. Asayansi amaitchula kuti Mobula alfredi. Tikati yocheperapo musaganize za chambo ayi. Kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake, zambiri zimakwana mamita 3 kapena 3 ndi theka, pafupifupi kutalika kwa lata la mafiti 12. Yaikulu kwambiri imatha kulemera makilogalamu 700, kapena kuti matumba 14 a chimanga.

Manta ndi pachibale ndi shaki, ndipo mafupa ake ndi ofewa ngati fupa la khutu la munthu. Kumutu kwake kuli tizipsepse tiwiri timene ikatipinda timaoneka ngati nyanga. Nyanga zimenezi zinachititsa amalinyero akale kuiopa, mpaka kumaitchula kuti nsomba ya mdyerekezi. Komatu ankangoinamizira. Manta siluma munthu, ilibe mbola kumchira monga achibale ake ena, ndipo timano take ta m'munsi n'tating'ono moti sitithandiza n'komwe pakudya. Pa nsomba zonse zimene asayansi anaziyeza, manta ndi imodzi mwa zaubongo waukulu kwambiri. Osambira pansi pa madzi amati nthawi zina imabwera yokha kudzawazungulira, n'kumawayang'anitsitsa ndi diso lake lalikulu.

Chakudya chosaoneka ndi maso

Ndiye chinsomba chonsechi chimakhuta chiyani? Mukatunga madzi a m'nyanja m'kapu mungaganize kuti mulibe kanthu. Koma m'madzimo mumakhala tamoyo tambirimbiri toyandama, timene asayansi amatitchula kuti pulankitoni. Tina ndi tizomera, ngati ndere yosaoneka ndi maso, ndipo timakula ndi kuwala kwa dzuwa. Tina ndi tizilombo todya tizomerato: tinkhanu ting'onoting'ono, ana a nkhanu ongoswedwa kumene ndiponso mazira a nsomba. Tina n'tochepa ngati njere ya fodya, tina n'tokulirapo ngati njere ya mpunga. Tizilombo timeneti ndiye nsima ya manta. Usipa wathu nawonso umadya tizilombo totere ta m'Nyanja ya Malawi, kuphatikizapo mphutsi za nkhungu, tizilombo touluka tija timene timafuka pamwamba pa nyanja ngati utsi.

Usipa umatola chakudya chake pang'onopang'ono, koma manta ikanati izitola kamodzikamodzi, bwenzi itafa ndi njala. Choncho imasefa madzi. Nthawi yakudya ikakwana imatambasula nyanga zija n'kuzipanga ngati fanulo, kenako n'kuyasamula kukamwa kwake kotakasuka kumene kuli kutsogolo kwa mutu. Ikamasambira, madzi amalowa mkamwa n'kutulukira m'mipata isanu ya mbali iliyonse ya kunsi kwa thupi, imene imapumira. Madziwo asanatuluke amadutsa pa timizere tothithikana tokhala ngati chipeso, ndipo chakudya chimatsalira mkati.

Amayi amene amasefa ufa amadziwa kuti sefa imatsekeka, ndipo pamafunika kuigogoda kuti ufa uyambenso kudutsa. Sefa ya manta sitsekeka. Ofufuza anapeza kuti madzi akamadutsa pa timizereto amapanga timafunde tozungulira, moti tizilombo sitikakamira pasefapo koma timanjanja n'kulowera kukhosi. Mwa njira imeneyi nsombayi imagwira ngakhale tizilombo tochepa kuposa mabowo a sefa yakeyo. Akatswiri ena akuphunzira zimenezi pofuna kupanga zosefera madzi zosatsekeka.

Kusambira kukamwa kuli yasa n'kotopetsa, chifukwa madzi amaikankhira m'mbuyo. N'chifukwa chake manta siyasamula paliponse. Kafukufuku amene anachitika pachilumba cha Lady Elliot ku Australia anasonyeza kuti imayamba kudya pokhapokha tizilombo tikachulukana mokwanira pamalo amodzi. N'chimodzimodzi ndi mayi wanzeru, amene satha mtolo wa nkhuni pophika nyemba zodzaza dzanja limodzi. Mfundo imeneyi ndi imene imatiuza kumene manta ingaoneke. Imapita kumene mphepo, mafunde ndi mwezi zaunjika chakudya, ndipo chakudyacho chikabalalika, nayonso imachoka.

Madyedwe ake ndi ambiri

Ikakhala yokha, manta imasambira molunjika kukamwa kuli kotsegula, n'kutembenuka, n'kubwereranso ngati munthu amene akulima mzere ndi mzere. Ikapeza pamene tizilombo taunjikana kwambiri, imapidiguka chagada n'kumazungulira pamalo omwewo ngati gudumu, mobwerezabwereza, kuti isachoke pachakudyapo. Nthawi zina imakwera pamwamba penipeni msana uli kunja kwa madzi, ndipo nthawi zina imatsika n'kumayenda mokhudza mchenga, kukokolola tizilombo tobisala pansi.

Zikakhala zambiri zimathandizana. Zimandondozana mumzere, mutu wa ina kumchira kwa inzake, ndipo tizilombo tothawa yakutsogolo timakagwera mkamwa mwa yam'mbuyo. Nthawi zina yaing'ono, kawirikawiri yaimuna, imasambira pamsana penipeni pa yaikulu ngati mwana woberekedwa, ziwirizo n'kumakupiza mapiko pamodzi.

Koma madyedwe ogometsa kwambiri amaoneka ku Maldives, dziko la zilumba zing'onozing'ono kum'mwera chakumadzulo kwa India. Kumeneko kuli kagombe kotchedwa Hanifaru, kamene malo ake odyerapo nsombazi anthu amawayerekezera ndi bwalo la mpira. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Novembala, mphepo yochokera kum'mwera chakumadzulo imachulukitsa tizilombo m'derali. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukapita kumdima, madzi a m'nyanja yamchere amakwera mwamphamvu n'kukankhira tizilomboto m'kagombeko, mmene timasowa potulukira. Zikatero manta zimafika, nthawi zina zoposa 100 pa tsiku limodzi. Mzere uja umapindika mpaka yakutsogolo kukumana ndi yam'mbuyo, ndipo gulu lonse limayamba kuzungulira ngati kamvuluvulu, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kuzungulirako kumakokera chakudya pakati, ndipo iliyonse imadya mokwanira.

Boma la Maldives linaika Hanifaru m'gulu la malo otetezedwa mu 2009, ndipo mu 2011 bungwe la UNESCO linazindikira dera lonse la Baa Atoll, mmene muli kagombeka, monga malo ofunika kusamalidwa. Masiku ano saloleza kusambiramo ndi mabotolo a mpweya. Alendo amangoyandama pamwamba atavala magalasi, amalowa mwa chiwerengero, amapatsidwa nthawi yochepa, ndipo pamakhala alonda oonetsetsa kuti munthu asagwire nsomba kapena kuitsekera njira.

Nyali za usiku

Aliyense amene anagonapo kunyanja usiku wopanda mwezi amakumbukira nyali zambirimbiri zoyandama patali ngati tauni. Amenewo ndi asodzi a usipa. Mmodzi amakhala m'bwato ndi nyali zowala kwambiri, usipa umasonkhana pansi pa kuwalako, ndipo anzake amazunguliza chilimira. Mwezi ukawala kwambiri ntchito imavuta, chifukwa kuwala kumakhala paliponse ndipo nsomba sizisonkhana pamodzi. Ogulitsa pamsika amazidziwa bwino zimenezi, pakuti mtengo wa usipa umamvera mwezi.

Ku Kona, pachilumba chachikulu cha Hawaii, nzeru yomweyi imagwira ntchito pa manta. Zinayamba mwangozi m'zaka za m'ma 1970, pamene hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja inkawalitsa magetsi pamadzi usiku. Kuwalako kunkakopa tizilombo, ndipo manta zinazolowera kubwera kudzadya. Lero alendo amapita ndi maboti dzuwa litalowa. Ena amakhala pansi pa madzi atalozetsa matochi kumwamba, ena amayandama pamwamba atalozetsa matochi pansi. Tizilombo timadzaza m'kuwalako, ndipo manta zimafika n'kumapidiguka pafupi kwambiri ndi nkhope za anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Kona nsombayo ikakhuta imabwerera kwawo, ndipo mawa imadzabweretsanso ndalama zina.

Kumene kulibe magetsi, manta imatsatira chakudya chake mumdima. Tizilombo tambiri ta m'madzi timabisala pansi masana poopa kudyedwa, ndipo usiku timakwera. Mphutsi za nkhungu m'nyanja yathu zimachitanso chimodzimodzi. Ofufuza atamangirira tizipangizo toyeza kuya pamsana pa manta, anapeza kuti usiku zimachoka kumatanthwe n'kupita kumadzi akuya. Ku New Caledonia, m'nyanja ya Pacific, ina inatsika mamita 672. Kuti mumvetse kuya kumeneku, pamalo akuya kwambiri a Nyanja ya Malawi pali mamita pafupifupi 700.

Ku Tofo, kwa anansi athu

Malo odziwika kwambiri oonerako manta kuno kum'mwera kwa Africa ali m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, makamaka pagombe la Tofo, makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Maputo, ndiponso ku Závora, kum'mwera kwa Tofo. Madzi a m'derali amakhala ndi tizilombo tambiri chaka chonse chifukwa mafunde amakweza madzi ozizira a pansi, amene amakhala ndi chonde. Manta zina za kuno zimawoloka malire n'kukafika ku Sodwana Bay m'dziko la South Africa. Abale athu amene ali ku Durban mwina sadziwa kuti nsombazi zimaonekanso pa Aliwal Shoal, kufupi ndi tauni ya Umkomaas, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto.

Chodabwitsa n'chakuti alendo ambiri ku Tofo saona manta ikudya. Amaiona ikusambitsidwa. Pamatanthwe ena, monga pamalo amene osambira anawatcha Manta Reef, pamakhala tinsomba ting'onoting'ono todya tizilombo toyamwa magazi ndi khungu lakufa. Manta imafika pamenepo n'kumayandama pang'onopang'ono, ndipo tinsombato timaizungulira, kulowa mkamwa ndi m'mipata yopumira, kuchotsa nyenyeswa zimene zatsalira m'sefa muja. Zili ngati mbalame zija zimene zimatola nkhupakupa pamsana pa ng'ombe kudambo. Manta zina zimatha maola angapo pamalo amenewa, ndipo zina zimadikira pamzere. Ofufuza anapeza kuti pa manta zinayi zilizonse za m'derali, zitatu zinali ndi zipsera zolumidwa ndi shaki, ndipo tinsombato timatsukanso mabalawo kuti apole bwino.

Kuno n'kumene mayi wina wa ku America, Andrea Marshall, anayamba kufufuza za manta mu 2003. Iye ankajambula kumimba kwa nsomba iliyonse, chifukwa madontho akuda a pamimba ya manta safanana ndi a inzake, ngati mmene zidindo za zala zathu zimasiyanirana. Mwa njira imeneyi munthu amatha kuizindikira nsomba imodzimodziyo patapita zaka zambiri. Pa nthawiyo mabuku ankati manta zonse ndi mtundu umodzi, ngakhale kuti kale mu 1868 Gerard Krefft wa ku Sydney anali atatchula mtundu wa m'matanthwewu dzina la alfredi, polemekeza Prince Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria. Mu 2009 Marshall ndi anzake awiri, Leonard Compagno ndi Michael Bennett, anasonyeza kuti manta ya m'matanthwe ndi ya pakati pa nyanja n'zosiyanadi. Chaka chomwecho iye ndi Simon Pierce anayambitsa bungwe la Marine Megafauna Foundation.

Nanga zinapita kuti?

Ubwino wowerenga nsomba chaka ndi chaka ndi wakuti zikayamba kuchepa, munthu amadziwa. Pakati pa 2003 ndi 2011, kuoneka kwa manta za m'matanthwe ku Tofo kunatsika ndi 88 pa 100 alionse. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2024, wophatikiza zaka 20, anapeza kuti kutsikako kunafika pafupifupi 99 pa 100 alionse. Malo amene anatchuka padziko lonse chifukwa cha manta anafika poti mlendo akhoza kusambira masiku angapo osaona ngakhale imodzi.

Ofufuzawo amaloza kwambiri maukonde, makamaka matchera otchera m'mphepete mwa gombe. Manta singathe kusambira chobwerera m'mbuyo, ndipo imafunika kuyenda nthawi zonse kuti madzi azidutsa mopumira mwake. Ikakodwa imadzipiringiza poyesa kuthawa, kenako imabanika. Zina zinkaphedwa dala chifukwa cha nyama. M'mayiko ena, monga Sri Lanka ndi Indonesia, zakhala zikuphedwa chifukwa cha sefa ija. Amaiumitsa n'kukaigulitsa makamaka mumzinda wa Guangzhou ku China, kumene ena amakhulupirira kuti imayeretsa magazi, ngakhale palibe umboni wa zachipatala wotsimikizira zimenezo.

Mwina mungafunse kuti, kodi nsomba siziswana zambirimbiri? Zambiri zimaterodi, koma manta ayi. Yaikazi imatha zaka 8 mpaka 10, kapena kuposerapo, isanayambe kubereka. Siikira mazira. Imakhala ndi bere kwa chaka chathunthu n'kubereka mwana mmodzi, amene amatuluka atakulungika ngati mphasa ndipo akatambasuka amakwana pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ikatero imapuma zaka ziwiri kapena zingapo isanatengenso bere. Ngakhale imatha kukhala ndi moyo zaka 40, ana ake onse mukhoza kuwawerenga ndi zala. Pa nkhani yobereka, mbuzi ya pakhomo panu imaiposa kutali. Choncho kupha zazikazi zochepa chabe chaka chilichonse n'kokwanira kutha gulu lonse.

Mayiko anachitapo kanthu, ngakhale mochedwa. Mu 2013 manta inalowa pamndandanda wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi. Mu 2014 dziko la Indonesia linaletsa kupha manta m'nyanja zake zonse, litamva kuwerengera kwakuti manta imodzi yamoyo ikhoza kubweretsa ndalama zokwana madola 1 miliyoni kuchokera kwa alendo pa moyo wake wonse, pamene yakufa imagulidwa madola 500 kapena kucheperapo. Ku Mozambique, lamulo loteteza manta linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021. Koma lamulo silibereka ana. Nsomba yobereka mwana mmodzi pa zaka zingapo idzatenga nthawi yaitali kuti ibwerere mwakale. Ndipo msodzi wa ku Inhambane amene anauzidwa kuti asiye matchera ake ali ndi ana ofuna kudya, mofanana ndi msodzi wa ku Salima. Ngati ndalama za alendo sizifika m'thumba mwake, lamulolo amaliona ngati chilango.

Tibwerere kunyanja yathu

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Nkhani ya ku Tofo si yachilendo kwenikweni kwa ife. Funsani agogo a kunyanja za ntchila, nsomba imene inkaphedwa yambiri m'zaka za m'ma 1950 koma lero achinyamata ambiri sanaionepo. Inkatchingidwa ndi maukonde pamene inkapita kukaswana m'mitsinje. Chambo nacho chinali ndiwo ya aliyense, koma lero pamsika wa Mponela ndi angati amachifunsa mtengo?

Usipa wapirira chifukwa umakula msanga, umaswana kwambiri, ndipo moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono. Koma nawonso umadalira chakudya chosaoneka chija, ndipo chakudyacho chimadalira mphepo ndi madzi abwino. Mwera womwe uja umene wogulitsa amaudandaula uli ndi ntchito yake. M'miyezi yozizira umakankhira madzi a pamwamba chakumpoto, ndipo kum'mwera kwa nyanja madzi a pansi okhala ndi chonde amakwera. Tizomera timachuluka, tizilombo timadya tizomerato, usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, ndipo mcheni ndi kampango zimadya nsomba zing'onozing'onozo. Pomalizira pake ndi ife. Mphepo imene imachepetsa mulu wa usipa mu Julaye ndi yomweyo imene imathandiza kuti miyezi yotsatira usipa upezeke.

Ife a kumtunda tili ndi mbali yathu pa nkhaniyi. Mvula imene imagwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi imathera m'nyanja. Mitsinje ina ing'onoing'ono ya kuno imathira mu Bua, mtsinje umene timawoloka pamsewu wa M1 popita ku Kasungu, ndipo Bua amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'Nyanja ya Malawi. Mumtsinje umenewu ndi mmene mpasa imakwera kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono ya pansi pa madzi. Tikadula mitengo yonse ya m'phiri chifukwa cha makala ndi zigafa, kapena tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi limakokoloka. Mlimi amataya chonde cha m'munda mwake, miyala yoikirapo mazira imakwiririka ndi matope, ndipo kunyanja madzi amada moti dzuwa sililowa bwino. Dothi lofiira limene timaliona m'mitsinje mu Januwale ndi ndiwo zathu zimene zikupita.

Koma tilinso ndi chitsanzo chabwino pafupi pompano. Pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, anthu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Cha mu Disembala asodzi onse amachoka pachilumbapo, ndipo amabwerera cha mu Epulo pambuyo pa mwambo wotsegulira. Lamuloli silinachokere ku Lilongwe kapena kunja. Linachokera kwa mafumu ndi anthu awo, ndipo amalisunga okha. Mbenji ndi wotchuka mpaka lero chifukwa cha utaka wake. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya ku Hanifaru: pamene nsomba zimasonkhana kuti zidye kapena kuswana, m'pamene zimaphedwa mosavuta, choncho m'pamenenso ziyenera kupatsidwa mpata.

Kaoneni nokha

Ambiri a ife sitidzafika ku Maldives kapena ku Hawaii, ndipo ngakhale ku Tofo ndi ulendo wa masiku. Koma kuona nsomba ikudya m'madzi mwake sikufuna pasipoti. Ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, munthu amangobwereka galasi losambirira n'kuviika nkhope m'madzi. Ku Nkhata Bay ndi ku Likoma nakonso n'chimodzimodzi. Mudzaona mbuna zamitundumitundu zikupala ndere pamiyala. Mukayang'ana chapatali pang'ono, kumene madzi ayamba kuzama, mwina mudzaona gulu la utaka litayang'ana kumene madzi akuchokera, nsomba iliyonse ikutulutsa kakamwa kake n'kukabweza mofulumira, ngati ikutola chinthu chimene inu simukuchiona. Chimene ikutolacho ndi chakudya cha manta chija. Ngati sukulu ya ana anu ikukonza ulendo wa kunyanja, auzeni aphunzitsi kuti anawo asakangothera pamchenga ndi kujambulitsa.

Malamulo a osambira ndi amodzi kulikonse, kaya ndi ku Tofo kaya ku Cape Maclear. Nsomba saigwira, saithamangitsa, ndipo saitsekera njira. Khungu la manta limakutidwa ndi madzi oterera amene amaiteteza ku matenda, ndipo dzanja la munthu limawachotsa. Amene amakhala phee ndi amene amaona zambiri, chifukwa nsombayo imabwera yokha.

Ngakhale pamsika pali zimene tingachite. Neti ya udzudzu imene tinalandira kuchipatala ndi ya pabedi. Ikalowa m'nyanja imakokolola chilichonse, ndi tiana ta nsomba tomwe. Mukapeza mulu wa kasawala, tiana ta chambo timene sitinaswepo n'kamodzi komwe, dziwani kuti kutsika mtengo kwake n'kwa lero lokha. Wogula akamakana, wogulitsa amakauza wopikulitsa, ndipo mawuwo amakafika kudoko.

Tsiku lina madzulo nsima ikadzafika pamphasa, mudzatenge kausipa kamodzi n'kufunsa ana kuti kameneka kanadya chiyani kuti kakule. Mwina adzaseka, mwina adzati matope. Pamenepo mudzawauze za tizilombo tochepa ngati njere ya fodya, za mwera, za mtsinje wa Bua, ndi za chinsomba chotambasuka ngati lata chimene chinali chambiri ku Tofo zaka 20 zapitazo.